Kodi ndani ananena kuti mtanda wa njinga ndi wa amuna?

Safunsa anadya phula, choncho mundilole ndifunse ngakhale ena aseke. Funso langa ndi la njinga yakapalasa, makamaka ija yopanda mtanda, imene munthu amangodutsitsa mwendo kutsogolo kwa chishalo n'kukhala, osachita kuuponya m'mwamba kuti udumphe keliyala. Kwathu kuno timati ndi njinga yachizimayi, ndipo bambo akaikwera anzake amamufunsa ngati wabwereka kwa alamu ake. Koma ku Netherlands, dziko la anthu pafupifupi 18 miliyoni ndi njinga zoposa 22 miliyoni, njinga yomweyi amakwera aliyense: mnyamata wa ku yunivesite, loya wovala suti, bambo wopita ndi mwana kusukulu. Eni ake amaitcha omafiets, njinga ya agogo aakazi, koma dzinalo silimuthamangitsa mwamuna aliyense. Kodi amuna a kumeneko alibe manyazi? Kapena ndife amene tinatola manyazi pamene panalibe?

Ndiyambe ndi chimene mabuku amavomerezana. Njinga ya matayala awiri ofanana, yoyendera tcheni, inatchuka ndi John Kemp Starley wa ku Coventry, ku England, amene anatulutsa Rover m'chaka cha 1885. Mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa, ndipo anthu anasiya kugwedezeka mano pamsewu. Posakhalitsa felemu inakhazikika pa maonekedwe amene tikuwadziwa lero, a makona atatu awiri ophatikizana, mtanda uli pamwamba. Amayi a nthawi imeneyo ankavala madiresi ofika m'mapazi, ansalu zambirimbiri, ndipo kudumpha mtanda ndi chovala chotere kunali kosatheka. Opanga njinga, posafuna kutaya ndalama za theka la anthu, anatsitsa mtandawo, n'kuupinda kuti utsike kufupi ndi mapedulo. Anaphimba tcheni kuti lisadye nsalu, ndipo pambali pa tayala lakumbuyo anamangapo ukonde kuti diresi isakodwe m'masipoko.

Ndiye ngati ndamva bwino, vuto linali nsalu. Sikuti miyendo ya amayi inalengedwa mwamtundu wina. Tsono shehe wovala mkanjo akwere iti? Nanga wansembe? Nanga agogo aamuna amene nyamakazi inawagwira m'chiuno, moti kukweza mwendo mpaka pa keliyala ndi nkhondo? Nanga bambo amene wakhazika mwana kumbuyo, mwendo uja auponye bwanji osamumenya mwanayo kumutu? Anthu onsewa ndi amuna, ndipo mtanda ukuwazunza mofanana ndi mmene unkazunzira mayi wa ku England wa m'ma 1890.

Funsoli ndinapita nalo kwa amisiri ena okonza njinga, a pansi pa mtengo wa mango aja, a pampu ndi beseni la madzi oyesera chubu. Sanandiseke. Anatenga felemu yakale n'kundionetsa ndi chala. "Achimwene, mphamvu ya njinga ili apa. Zitsulo zikakumana patatu sizipindika. Mukachotsa chapamwambachi, njinga imayamba kunyumwa mukaisenzetsa katundu." Anatinso n'chifukwa chake yopanda mtanda amaipangira chitsulo chonenepa, mwina ziwiri zotsatana, ndipo imalemera kuposa inzake. Apo ndinagonja pang'ono. Wogulitsa makala amene amamanga matumba atatu, lina n'kulilowetsa m'kati mwa felemu, mtanda amaufunadi. Wakabaza wonyamula munthu wonenepa pamsewu wa mabampu amaufunanso. Koma ndinafunsabe: kodi mwa anthu khumi okwera njinga, ndi angati amanyamula matumba atatu a makala? Amisiri anati funso limenelo ndikafunse ogulitsa njinga, iwo ntchito yawo ndi kumata.

Tibwerere ku Netherlands, chifukwa kumeneko n'kumene mutu wanga umazungulira kwambiri. Anthuwa ndi olemera. Akanafuna akanagula njinga zopepuka za mpikisano, zija munthu amanyamula ndi chala. M'malo mwake amakakamira chinjinga chakuda cholemera makilogalamu 20, nthawi zina kupitirira, cha maonekedwe amene anatengera ku England zaka zoposa 100 zapitazo. Makampani awo akale, monga Gazelle ya ku Dieren imene inayamba mu 1892 ndi Batavus ya ku Heerenveen ya mu 1904, akupangabe njinga zotere. Tcheni lili m'chikuto chotsekeka, moti mvula siilifika, ndipo buluku silida ndi girizi. Madigadi ndi athunthu. Nyale ili pomwepo, loko anamangirira ku felemu, sitandi ilipo, keliyala ndi yoti mnzako akhoza kukhalapo. Zambiri zilibe giya, kapena zili ndi magiya atatu obisika m'kati mwa habu yakumbuyo, nzeru imene Sturmey-Archer inayamba kugulitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Giya yotere umatha kuisintha utaima pa maloboti. Buleki ya zambiri ndi yopondera mapedulo chambuyo, choncho dzanja limodzi limatsala la ambulera.

Nanga kukhala kwake! Mahandulo ndi aatali, opindikira kwa wokwera, ndipo munthu amakhala chowongoka, msana uli njo, maso ali kutsogolo. Odziwa za mpikisano amati kukhala kotere n'kolakwika chifukwa chifuwa chimagunda mphepo. Ine ndifunse: mphepoyo imavuta munthu akamathamanga bwanji? Wopita kukagula buledi pa liwiro la makilomita 15 pa ola akulimbana ndi mphepo yanji? Chimene iye akufuna ndi kuona galimoto ikubwera, kuonedwa ndi oyendetsa, ndi kufika ku ofesi malaya asananyowe thukuta. Kodi n'kutheka kuti njinga zambiri zimene timasirira zinapangidwira munthu wothamangitsana ndi anzake, pamene ife tikungofuna kufika kumsika?

Mwina wina anena kuti a ku Netherlands anabadwa choncho. Ayi ndithu. M'zaka za m'ma 1960 nawonso anatengeka ndi galimoto, n'kuyamba kugumula nyumba kuti misewu ikule. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi zapamsewu, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo anadzuka ndi gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kukakamiza boma kuti ana asamaphedwe m'misewu. Mu 1973 mafuta atasowa, boma linaletsa galimoto kuyenda masiku ena a Lamlungu, ndipo anthu anaona mmene mzinda umakhalira phokoso likachoka. Kuchokera apo anayamba kumanga njira zapadera za njinga. Lero pa siteshoni ya sitima ya ku Utrecht pali malo osungira njinga 12,500, amene anamalizidwa mu 2019, ndipo Mark Rutte, tsiku lomwe ankasiya udindo wa nduna yaikulu mu July 2024, anachoka ku ofesi yake pa njinga. Dziko lawo ndi lachidikha, phiri lawo lalitali ku Ulaya ndi la mamita 322 okha, ndiye kulemera kwa njinga sikuwavuta. Apa ndiye funso lina limabadwa: chimene chikupulumutsa anthuwa ndi njinga, kapena msewu? Pakuti omafiets yomweyo mutaiika pa msewu wa M1 kuno kwathu, pakati pa minibasi ndi thiraki, wokwerayo adzathawira kutchire monga timachitira tonsefe.

Tsopano chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Ku London, ku New York ndi m'mizinda ina yolemera kwabuka fasho ya njinga zatsopano zopangidwa dala kuti zioneke zakale. Chishalo chachikopa cha Brooks, basiketi yoluka kutsogolo, matayala otuwira, belu lonyezimira. Kampani ya Pashley ya ku Stratford-upon-Avon, imene inayamba mu 1926, imagulitsa zotere pa mtengo woti kuno ukhoza kugulira njinga yamoto yogwiritsidwapo kale. Ku London kuli mpaka mwambo wotchedwa Tweed Run, umene unayamba mu 2009, pamene anthu amavala zovala za makolo awo n'kumazungulira mumzinda pa njinga zachikale. Kodi munthu amalipira bwanji ndalama zambiri kuti chinthu chatsopano chioneke chakale? Ife tikapenta njinga timafuna ioneke yatsopano.

Ndipo taonani bwino zimene akusirirazo. Matayala a mainchesi 28, mabuleki a timitengo tachitsulo, chishalo cha masipuling'i, utoto wakuda wa mizere yagolide. Si Humber ya agogo ija? Si Raleigh ija aphunzitsi ankaipukuta Loweruka lililonse? Maonekedwe amenewa ndi amene Flying Pigeon ya ku Tianjin inatengera mu 1950, ndi amenenso Hero ya ku Ludhiana, ku India, yakhala ikupanga kuyambira 1956, ndipo ndi amene ali pa siteji iliyonse ya kabaza, ku Salima, ku Nsanje, ku Chipata. Ndiye kuti mnyamata wakabaza ali pa fasho ya ku London osadziwa? Kapena chinthu chimasanduka fasho pokhapokha wochikwera ali ndi galimoto kunyumba?

Sindikunyoza onse. Wina amagula njinga yotere chifukwa watopa ndi magiya 21 amene sawagwiritsa ntchito ndi tcheni lomudetsa zovala, ndipo ameneyo ndimamumvetsa. Amene sindiwamvetsa ndi opanga njinga zotsanzira, zokhala ndi basiketi ndi utoto wokongola koma tcheni lili pamtunda, nyale palibe, keliyala ndi yoti ikhoza kupindika ndi thumba la shuga. Atenga nkhope ya njinga yakale n'kusiya ntchito yake. Kodi chimene chinali chabwino pa njinga ya agogo chinali utoto?

Pali umboni wina umene umandichititsa kukayika kwambiri nkhani ya "yachizimayi" ija. Mizinda ikafuna kuika njinga zobwereketsa kwa aliyense, imasankha mtundu uti? Paris itayambitsa Vélib' mu 2007 inasankha zopanda mtanda. London mu 2010 inachita chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chosavuta: njinga imodzi iyenera kukwanira wamtali ndi wamfupi, wa buluku ndi wa siketi, ndipo munthu woima pafupipafupi amafunika kutsika msanga. Ku Japan njinga ya tsiku ndi tsiku ndi mamachari, yopanda mtanda, ya basiketi kutsogolo, ndipo abambo opita kuntchito amaikwera popita ku siteshoni popanda wowaloza chala.

Ngakhale kuno umboniwo unafika ndi miyendo yake. Njinga zofiira za Royal Mail, zimene onyamula makalata ku Britain ankayendera, zinali za Pashley, zamtanda wotsika, zokhala ndi thireyi yaikulu kutsogolo. Ankazikwera amuna ndi akazi omwe, ndi katundu wolemera, kutsika ndi kukwera pakhomo lililonse. Royal Mail itasiya kugwiritsa ntchito njinga m'zaka za m'ma 2010, bungwe la Krizevac Project linatumiza zambirimbiri ku Malawi, kumene zinkakonzedwa ndi kugulitsidwa ku Chilomoni mu Blantyre. Zina ankazikonza ku Britain komweko n'kuzigulitsa ndi dzina la Elephant Bike, ndipo imodzi ikagulidwa kumeneko ina inkabwera kuno. Nazo nthabwala zake: njinga imodzimodziyo, ku Britain ndi yokongola yachikale yojambulitsa nayo zithunzi, ku Chilomoni ndi yonyamulira mabuledi. Ndipo amisiri anga aja akaiona, anganenebe kuti yopanda mtanda siisenza katundu?

Chomaliza chimandiwawa pang'ono. Ngati pali dziko limene njinga yopanda mtanda inayenera kudzaza misewu, ndi lathu lino. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mabuluku mpaka pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha, ndipo mpaka lero kumudzi chovala cha mayi ndi chitenje. Komabe m'masitolo ambiri a pa boma mukalowa mupeza mzere wa njinga zamtanda zokhazokha. Mayi amathera pa keliyala, atakhala cham'mbali, akulipira wakabaza ulendo umene akanatha kupalasa yekha. Mwana amaphunzira njinga atalowetsa mwendo pansi pa mtanda, thupi lili mbali imodzi, njinga mbali ina, ndipo tonse tili ndi zipsera za m'mawondo zochitira umboni. Mtsikana wa sekondale yoyendera amene wapatsidwa njinga yamtanda akwere bwanji ndi siketi ya yunifolomu, anyamata ali m'mbali mwa msewu? Kodi ogulitsa sabweretsa chifukwa amayi sagula, kapena amayi sagula chifukwa ogulitsa sabweretsa?

Sindikunena kuti tikatenge omafiets monga ilili. Pa zitunda za ku Zomba kapena za ku Ntcheu njinga ya makilogalamu 20 yopanda giya idzakhala yokankha, ndipo habu ya magiya obisika ikafa, zipangizo zake sizipezeka pansi pa mtengo wa mango. Koma mtanda wotsika, chophimba tcheni ndi chotchinga chitenje ku masipoko si zinthu zodikira fakitale ya ku Ulaya. Anyamata athu owotcherera amatalikitsa keliyala ya kabaza, kuikapo khushoni ndi zogwirira, tsiku lisanathe.

Inu amene mumaitanitsa njinga kunja, pa makumi awiri aliwonse tabweretsaniko zisanu zopanda mtanda, zachitsulo cholimba, zolowa matayala ndi masipoko amene tili nawo kale, ndipo musazilembe kuti ndi zachizimayi. Muone ngati zigone m'sitolo.