Malangizo Otontholetsera Kamera Yolongolola ya ku Moruleng

Kamera ya chitetezo ndi kachipangizo kamene kamamangiriridwa pakhoma kapena m'munsi mwa denga kuti kaziyang'ana pabwalo, ndipo kakaona chinthu chikuyenda kamatumiza uthenga pafoni ya mwini nyumba. Ntchito yake ndi kuulula akuba. Koma popeza akuba sabwera tsiku ndi tsiku, kamerayo imadzaza nthawi yotsala poulula mbuzi, mthunzi wa mtengo ndi kangaude. Akatswiri amati amenewa ndi machenjezo abodza, ngakhale kuti kamerayo sinanamepo chilichonse, pakuti mbuziyo inadutsadi.

Vutoli limaphunzirika bwino ku Moruleng, m'chigawo cha North West ku South Africa, likulu la a Bakgatla-ba-Kgafela, m'mphepete mwa mapiri a Pilanesberg, kumpoto kwa Rustenburg. Derali ndi la migodi ya pulatinamu, ndipo pakati pa anthu obwera kudzasaka ndalama pali Amalawi amene amachita lendi tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni dera. Anthu a mashifiti amasiya nyumba nthawi zosiyanasiyana, n'chifukwa chake amagula kamera. Komanso n'chifukwa chomwecho kamerayo sisowa chonena, poti msewu wa kufupi ndi mgodi sugona.

Kamera zambiri zimazindikira kuyenda kwa chinthu m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yofanizira zithunzi: kamera imayang'ana chithunzi cha tsopano ndi chimene yangojambula kumene, ndipo timadontho ta chithunzicho tikasintha mopitirira muyezo, imati pabwera munthu. Mtambo ukaphimba dzuwa, pabwera munthu. Nyali ya pakhonde ikayaka, pabweranso munthu. Njira yachiwiri ndi ya kadiso kotchedwa PIR, kamene kamamva kusintha kwa kutentha kochokera m'thupi. Aka sikasamala mithunzi, koma kali ndi matenda akeake. Mpweya wotentha wochoka pamalata masana umakasokoneza, ndipo tsiku lotentha kwambiri m'mwezi wa December, pamene khoma ndi nthaka zafika pafupi ndi madigiri 37 a thupi la munthu, kamavutika kusiyanitsa wakuba ndi khomalo. Motero m'chilimwe mwini nyumba amalangizidwa kupempha akuba kuti azibwera kukazizira.

Wolemba mauthenga wamkulu usiku ndi kangaude. Kamera imaona mumdima pogwiritsa ntchito timababu ta infrared tozungulira diso lake, ndipo kufunda kwake ndi kuwala kofiirira kumasonkhanitsa tizilombo touluka. Kangaude, amene amadziwa kusankha malo a bizinesi kuposa amalonda ambiri, amaluka ukonde wake pagalasi penipeni. Ulusi umodzi ukagwedezeka ndi mphepo umawala mbee pachithunzi, ndipo foni imalira mpaka tambala woyamba. Mankhwala ake ndi odziwika: kupukuta galasi ndi kansalu kofewa sabata iliyonse, kapena kuzimitsa timababu ta pakamera n'kuika nyali ina ya infrared patali pang'ono kuti tizilombo tizikasonkhana komweko. Koma zimenezi zimafuna makwerero, choncho njira yotchuka ndi kumuzolowera kangaudeyo ndi kumuwerengera m'gulu la anthu a pakhomo. Kamera zokhala ndi nyali yoyera zili ndi phindu lapadera mvula yoyamba ikagwa, chifukwa zimakopa ngumbi. Mmalawi wanzeru sadandaula za mauthenga a usiku umenewo, amangoika beseni la madzi m'munsi mwa kamera, ndipo chipangizocho chimayamba kubweza ndalama zake mu ndiwo.

Gwero lachiwiri la machenjezo abodza ndi mitengo ndi mphepo. Derali lili ndi mitengo ya mfula ndi ya minga, ndipo mwezi wa August umabwera ndi mphepo ya fumbi imene imagwedeza nthambi, zochapa ndi mapepala apulasitiki okodwa pawaya. Opanga kamera, kaya ndi Hikvision, Ezviz kapena Tapo, anaika mu apu yawo njira yojambulira malire pachithunzi, kuti kamera izisamala za geti ndi khomo lokha, kwinako izikusiya. Njirayi ndi yabwino, ndipo ikachitidwa mosamala imachepetsadi phokoso. Koma ili ndi kakomedwe koopsa. Lero mwini nyumba amachotsa mtengo, mawa chingwe cha zochapa, mkuja kanjira ka ana a sukulu, kenaka geti lenilenilo chifukwa limagwedera. Pomaliza kamera imatsala ikulondera kachigawo ka khoma la njerwa, ndipo mbiri ya chitetezo sinalembepo khoma lotere likusuntha. Amene safuna kuvutika ndi apu angathe kudula mtengowo, koma mthunzi wa mtengo wa mnansi umalowabe pabwalo wopanda kuodira.

Nkhani ya nyama imafuna kuikhalira pansi. Mu 1979, pamene malo osungira nyama a Pilanesberg ankakhazikitsidwa, ntchito yotchedwa Operation Genesis inayamba kubweretsa nyama pafupifupi 6,000 m'mapirimo. Nyamazo zili kuseri kwa mpanda, ndipo alendo ochokera ku Sun City amalipira kuti akazione. Mwini kamera wa ku Moruleng amaonera zake kwaulere pafoni: mbuzi, abulu, ng'ombe zobwerera kukhola, galu wa mnansi, ndi mphaka amene amadutsa pampanda nthawi imodzimodzi usiku uliwonse. Pa zonsezi kamera zatsopano zili ndi nzeru yozindikira munthu, imene inaphunzitsidwa kusiyanitsa wa miyendo iwiri ndi wa miyendo inayi. Nzeruyi imathandiza ndithu, ndipo iyenera kuyatsidwa. Chofunika kudziwa n'chakuti ovololo ya kumgodi yoyanikidwa pachingwe, ikufufuma ndi mphepo, imakwaniritsa zonse zofunika kuti itchedwe munthu, pamene munthu weniweni wofunda bulangeti mu June n'kumayenda chowerama akhoza kudutsa ngati katundu. Za apusi pamafunika ulemu. Pusi ndi nyama ya mtundu wa a Bakgatla, ndipo mlendo wochita lendi sayenera kumulankhulira mawu achipongwe pamaso pa mwini nyumba, ngakhale atatembenuza kamera kuti iyang'ane kumwamba. Chenjezo la pusi lingolandiridwa ngati moni.

Kenaka pali nyali za magalimoto. Mabasi ndi mateksi onyamula a shifiti ya m'mawa amadutsa kusanache, ndipo kuwala kwawo kukasesa khoma, kamera yofanizira zithunzi imaona dziko lonse lasintha. Tsiku la mpira kapena la msonkhano ku Moruleng Stadium, bwalo limene linatsegulidwa mu 2009 ndipo limalowa anthu 20,000, kamera yoloza kumsewu imayesetsa kuulula aliyense payekhapayekha. Malangizo enieni ndi akuti kamera iikidwe pamtunda wa mamita awiri ndi theka kapena atatu, iweramitsidwe kuti msewu usaonekere, ndipo ngati ndi ya PIR iloze mopingasa kanjira, chifukwa kadisoko kamamva bwino munthu wodutsa cham'mbali kuposa wobwera molunjika. Vuto n'lakuti kamera yoweramitsidwa siionanso amene walowa kwa mnansi, ndipo pamakomo ambiri ndiye chifukwa chenicheni chimene inagulidwira.

Pali mtundu wina wa chenjezo umene mabuku a opanga kamera sautchula. Apu imalola kugawana chithunzi ndi achibale, ndipo bambo wina wogwira ntchito ku Joni, pofuna kuonetsa kukhulupirika, amalumikiza foni ya mkazi wake amene ali ku Mangochi kapena ku Mzimba. Pabwalo la zipinda zambiri za lendi pamadutsa anthu ambiri, ndipo aliyense wovala siketi amabala foni ya pa WhatsApp yofunsa kuti ameneyo ndani. Palibe batani lochepetsera chenjezo limeneli. Kuchotsa mayiwo pa apu kumawonjezera mafunso m'malo mowachepetsa, ndipo nkhani ikhoza kufika kwa ankhoswe.

Magetsi nawo ali ndi gawo lawo. M'chaka cha 2023, pamene kuzimazima kwa magetsi a Eskom kunafika pachimake, kamera za m'dziko lonse la South Africa zinaonetsa kuti zikhoza kukhala chete kwa maola angapo popanda kusintha chilichonse mu apu. Magetsi akabwerera, kamera imadzuka, kusefa kwa kuwala kumasintha, ndipo imalengeza kuti yaona chinachake. Kabatire kosungira moto ka kamera ndi rauta kamathetsa vutoli, malinga ngati kabatireko sikaikidwa pamalo oonekera pawindo.

Chotsiriza ndi muyezo wa sensitivity, kapena kuti tcheru cha kamera. Njira yoyenera ndi kuutsitsa pang'onopang'ono, n'kumayesa poyenda pabwalo masana ndi usiku mpaka munthu azigwidwa koma mphaka ayi, kenaka kuika ndandanda kuti mauthenga azibwera pa maola amene pakhomo palibe anthu. Ntchitoyi imatenga madzulo amodzi kapena awiri. Koma munthu amene wadzutsidwa kasanu ndi kangaude, mawa lake ali ndi shifiti, sakhala ndi madzulo otere. Amatsitsa muyezowo mpaka pansi, kapena amatseka mauthenga onse a apuyo, ndipo machenjezo abodza amatheratu usiku womwewo. Palibe njira ina imene imagwira ntchito mwachangu chotere. Kamera imapitirizabe kujambula pa memore khadi, kotero kuti wakuba akabwera, mwini nyumba amamuonera m'mawa mwake pachithunzi chooneka bwino, chokhala ndi tsiku ndi nthawi, choyenera kutumizidwa pagulu la WhatsApp la anthu a mumsewuwo.