Dola Yafika Mpaka mu Mchenga

Ku Lilongwe moni wasintha. Anthu akakumana safunsananso za mayi ndi ana, amafunsana kuti, "Pulojekiti ili pati?" Yankho laulemu ndi limodzi: "Tili pa windo, achimwene." Ena adafika pa windopo mu Meyi 2022, pomwe kwacha idagwa ndi 25 peresenti. Atapumako kuti akwere pa lintala, mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Pano pabalaza pamera chimanga, ndipo wokolola ndi mlonda.

M'mahadiweya a mu Malangalanga mtengo sulembedwanso pa katundu, umakhala m'mutu mwa mwini sitolo. Mukafunsa malata a geji 28, ayamba wayang'ana foni, kenako nsapato zanu, ndiyeno n'kutchula mtengo. Kotesheni ya m'mawa imatha mphamvu nsima ya masana isanapse.

"Si ife, bwana, ndi dola."

Pa zina sakunama. Matailosi a ku China amatsikira ku Beira kapena ku Dar es Salaam, simenti ya Dangote imalowera pa Mchinji kuchokera ku Zambia, ndipo ngakhale malata odulidwa konkuno chitsulo chake n'chakunja. Zonsezi zimalira ndalama zakunja, zomwe ku banki amati mudzafunsenso sabata yamawa.

Koma dolayi ndi yoyendayenda. Wokumba mchenga mu Lingadzi, chida chake fosholo basi, nayenso akuti yakwera. Mukamufunsa kuti mchengawo udalowera pa boda iti, sakwiya. "Mchenga ndi wathu ndithu, bwana, koma ana anga sadya mchenga."

Ku puloti nako kuli masamu ake. Mwasiya matumba 20 Lolemba, pofika Lachitatu foromani waimba: "Abwana, simenti yatha, khoma lake likumwa kwambiri." Modabwitsa, sabata yomweyo khonde la aneba lasalala.

Ochenjera adagula matumba msanga n'kuwabisa kuseri kwa khitchini kuopa kukwera mtengo. Dzinja litadutsa adapeza miyala, ndipo lero alendo akukhalira pomwepo.

Madzulo munthu wabwerera ku nyumba ya lendi, nsapato zili mbuu, n'kupeza alandilodi akudikira pakhomo.

"Mwezi wamawa tikweza pang'ono, mwana wanga. Wamva mmene simenti yadulira?"

Nyumbayo idamangidwa nthawi ya Kamuzu, ndipo chimangireni sinalawepo simenti ngakhale ya pa supuni.