Kope la Bolo

Azakhali anga alibe uvuni. Ali ndi poto wamkulu wothira mchenga pansi, chivundikiro chosanjikapo makala amoto, ndi mphuno yodziwa nthawi kuposa wotchi. Koma pa Ntengo-Wambalame pakakhala ukwati, ubatizo, kapena mwana akakhoza mayeso, mapazi onse amalunjika pakhomo pawo. Keke, imene ife a kuno timati bolo, imatuluka m'potomo itafufuma ngati masaya a mwana wa mwini golosale. Ine ndine wosunga kope. Ntchito yanga n'kulemba dzina la munthu ndi nambala pambali pake. Kufufuta nambalayo sindinazolowere, poti mpata wake supezekapezeka.

Chiphaso alibe. Alvará, chipepala chija amapachika pakhoma m'mabekale a ku Ulongue, amangochimvera m'kamwa mwa anthu. Akuti uyambe wapeza NUIT, nambala ya msonkho, kenako ukaime pamzere ku ofesi yolembetsa mabizinesi. Azakhali anawerengera ndalama ya chapa, minibasi ya kuno, kupita ndi kubwera, nati boma liyambe ladikira kuti mazira atsike mtengo.

Amene chiphasochi chimawasowetsa tulo ndi makasitomala, ndipo chimawasowetsa tsiku lolipira lokha. Poitanitsa mumva, “Mayi, manja anuwa ndi odala, a ku Tete akagwere uko.” Bolo akadya, mbale atatsuka, mawu amasintha: “Inetu ndimayesa mumangotithandiza monga anansi. Kani ndi bizinesi? Nanga chikwangwani chili kuti?” Mayi wina, amene mwana wake anadzipaka kirimu mpaka m'makutu, anatiunikira zamalamulo kuti kulipira munthu wopanda chiphaso n'kumuika m'mavuto, ndiye iye, chifukwa chotikonda, salipira.

Malire nawo amatisokoneza. Ntcheu ili pamphuno, ndipo m'thumba la munthu wa kuno metikali ndi kwacha zimagona pamodzi. Mtengo mumagwirizana m'metikali, iye n'kubwera ndi makwacha, n'kuwasintha pamtengo wa chaka chimene anakwatiwa. Mukatsutsa akuti mufunse osintha ndalama a pa Biriwiri, podziwa kuti simungasiye bolo pamoto n'kukafunsa. Akuluakulu ali ndi luso lawo. Boma linadula maziro atatu pandalama mu 2006, koma iwo sanamve, amawerengabe m'makonto. Agogo ena anaika ndalama patebulo ndi mawu olemera, “Nawa makonto 200, mwana wanga,” ngati akugula ng'ombe. Azakhali anawomba m'manja, n'kugwada, n'kuzindikira agogowo atakhota kale pangodya kuti ya shuga yokha ndiyo yakwana.

Achinyamata amalipira pafoni. “Ndatumiza pa M-Pesa, taonani.” Sitikuona. “Aa, mwina ndinatumiza pa e-Mola.” Ndimakwera pachulu, foni m'mwamba ngati ndikuitanira mvula, ndipo uthenga ukafika umakhala wondilandira ku Malawi, dziko limene sindinapiteko tsikulo.

Ena amalipira mbatatesi, pajatu Tsangano ndi kwawo kwa mbatatesi. Ndowa imabwera itavala bwino: pamwamba zikuluzikulu ngati nkhonya, pansi tija ogula a pamsewu anakana. Sindidandaula kwambiri ndi amenewa, chifukwa mbatatesi, ngakhale yaing'ono, imadyeka, pomwe “mawa” sitinamuphikepo. Achibale ndiye salipira n'komwe. Alamu awo a azakhali amatenga bolo n'kusiya mwambi woti chibale ndi fupa, sichiwola. Azakhali amayankha chapansipansi kuti fupa siligula mazira.

Nanga pa 7 Epulo, tsiku la amayi a Mozambique? Gulu lonse limavala nsalu yofanana, n'kuitanitsa bolo wamkulu wolembedwa mawu pamwamba. Ndalama akuti aliyense anasonkha, ili ndi msungichuma. Msungichuma akuti anapatsira apampando. Apampando akuti nkhaniyo ikambidwa pamsonkhano, ndipo msonkhanowo ufunika kabolo kakang'ono.

Loweruka lina kamwana kanalowa kakuthamanga: “Kwabwera bambo wa jekete, ali ndi chikwama!” Kuno ukamva jekete ndi chikwama umaganiza za oyendera mabizinesi aja, ngakhale palibe wa m'banja mwathu anawaonapo ndi maso. Bolo mmodzi analowa pansi pa bedi, wina m'nkhokwe, poto tinamuvundikira ndi lichero. Fungo lokha ndi limene linakana kubisala. Linatuluka kukalonjera mlendo panjira.

“Odi kuno! Ndamva kuti pano mumaphika bolo.”

“Ndani, ine? Ayi bambo, akunamizani. N'kachikondamoyo ka ana.”

Bamboyo ananunkhiza mpweya, nayang'ana ufa umene unali m'zikono za azakhali, napukusa mutu. Anati pepani, wayenda ulendo wautali panjinga yamoto kuchokera cha ku Macanga, mwana wake wamkazi akukwatiwa, amafuna bolo wosanjikiza katatu. Anatsegula chikwama kuti abwezeremo kapepala ka dzina, ndipo tonse tinaona: mametikali, omanga ndi mphira, ofuna kulipiriratu.

M'nyumba munangoti zii. Kenako azakhali anapukuta mpando ndi nsonga ya chitenje.

“Takhalani pansi, bambo. Chikondamoyo chathuchi nthawi zina chimakula.”

Ndinatumidwa kukatulutsa wa pansi pa bedi kuti mlendo alawe, nditamupukuta kaye kangaude. Analawa, anavomera, anawerenga ndalama yonse osapempha kuchotserako, osafunsa chikwangwani. Ndinatsegula kope n'kusowa polemba, chifukwa tsamba la olipira sindinalikonzepo. Ndinalemba kuchikuto chakumapeto, pansi pa matebulo a masamu.

Njinga isanazimiririke n'komwe tinamva odi wina. Anali mayi uja wotikonda, wa mabolo awiri osalipira. Anati waona Mulungu watiyendera, ndiye amati timubwerekeko pang'ono ya feteleza, abweza akakumba mbatatesi. Azakhali anandiyang'ana, ine n'kunyowetsa chala, n'kuyamba kufufuza tsamba lake.