Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Usiku wa Lachinayi lapitali, nditaimirira pabalaza ndi tochi m'manja, madzi atandifika m'akakolo, ndikupenyerera nsapato ya mayi akunyumba ikuyandama kulowera kukhitchini monga chingalawa chija cha Nowa, ndidakumbukira mawu a akuluakulu akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ndidazindikira, ngakhale mochedwa, kuti makolo athu adanena zoona, koma zoona za kumudzi.

Pakuti kumudziko, amene adachita dyera ndi nyemba zogonetsa ndi yemweyo amene ankadzuka pakati pa usiku nkumapapasa mpiringidzo anzake ali mkonono. Wodya ndi womva m'mimba adali munthu mmodzi, ndipo mlandu unkatha tambala asanalire. M'tauni muno wodya amakhala kumtunda, womva m'mimba amakhala kumunsi, pakati pawo pali ngalande.

Ngalande yathuyo imatsika kuchokera kumsika, nidutsa pachigayo, nikalowa kunsi kwa msewu m'kalavati imene mwana wa zaka zisanu akhoza kuyendamo chowerama. Ndipo chilimwe chonse ife ana a Adamu timaipatsa zopereka zathu mosaumira: mabotolo, zitsononkho za chimanga chootcha, makoko a nzimbe, matewera a makanda, tsiku lina ngakhale matiresi athunthu amene mwini wake sadadziwike kufikira lero. Za majumbo ndiye sindinena. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo nkutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma zikuoneka kuti ngalande yathu siwerenga nyuzipepala.

Tsono pakamwa penipeni pa kalavatiyo pali nyumba ya mkulu wina wopuma pantchito yauphunzitsi, amene tonse timangomutchula kuti Aphunzitsi. Ndipo chaka ndi chaka, chizimalupsa chikangonunkhiza dothi, mkuluyu ankavala majombo ake, natenga fosholo ndi wilibala, nalowa m'matope mpaka m'maondo kukatulutsa machimo a mudzi wonse. Ife podutsa tinkaima mwaulemu ndithu, manja kumbuyo, nkumati, "Mwaswera bwanji, Aphunzitsi? Ntchito yabwinotu imeneyi, Mulungu akudalitseni." Kuti manjawo ankabisa chiyani kumbuyoko, aliyense adzayankha yekha pa tsiku lachiweruzo.

Musaganize kuti ndife anthu osalabadira za chitukuko. Tili ndi komiti, komitiyo ili ndi wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma amene sadasungepo kanthu; tilinso ndi gulu la pa WhatsApp, m'mene chithunzi cha kalavati yotsekeka chimatumizidwa mvula iliyonse ikagwa, wina nkuyankha kuti izi nzomvetsa chisoni, wina kuti nanga misonkho yathu ikupita kuti, wina nkutumiza vesi, kufikira mayi wina atalengeza kuti ali ndi nkhuku zogulitsa, nkhani nkuthera pomwepo. Mitu ilipo yambiri, yokwana kusenza madenga khumi, kungoti yonse yaweramira pafoni.

Nanga makhansala? Achinyamata sadziwa kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, ndipo ndichitire umboni pamaso pa anthu kuti kalavati yathu siidazindikire kuti achoka, monganso siidazindikire kuti abwerera. Sindikuwanyoza, popeza naonso ndi anthu, ndipo m'mimba amamvamo ndithu, kungoti matenda awo amadza kamodzi pa zaka zisanu. Masabata otsogolera chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 adatifikira atatu, aliyense pa tsiku lake, aliyense nabwereka fosholo ya Aphunzitsi, naigwira monga ndodo ya Mose pamene anyamata ake ankamujambula, naibweza ili yoyera.

Ndikuseka, koma pali pena pamene kuseka kumandithera. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, phiri limene nkhwangwa zidalimeta kwa zaka zambiri, anthu a ku Chilobwe amene adagona m'munsi mwake sadapatsidwe nkomwe mpata wofika pachitseko. Ndipo kuyambira pamenepo mwambi uwu ndimaumva ndi khutu lina, pakuti kumuuza munthu wakumunsi kuti vutolo ndi lake adzionere yekha, pamene madziwo tawatuma ndife, ndi nkhanza yovala malaya a nzeru.

Koma ndibwerere ku nsapato ija. Chaka chino Aphunzitsi, maondo atayamba kuwakana, sadaitanitse msonkhano kapena kudandaulira munthu. Adangogula njerwa ndi matumba a simenti, namanga kampanda kofika m'chiuno kuzungulira bwalo lawo, nakweza chiundo cha khomo ndi mizere itatu ya njerwa, ife nkumawayamikira kuti nyumba yakongola. Madzi, amene alibe tsankho ndipo saona nkhope, atafika pakalavati napeza potseka, atafika kwa Aphunzitsi napezanso potseka, adafunsa kuti nyumba yotsatira ndi ya yani. Idali yanga.

Motero cha m'ma 2 koloko usiku, mvula ikukhuthuka ngati mazenera akumwamba atsekulidwa, ndidapezeka pazenera lawo ndikuodira ngati wodzalengeza maliro. Adasuzumira, nandiunika kumaso, nanditulutsira fosholo pazenera pomwepo osafunsa kanthu.

"Ntchito yabwinotu imeneyi, mwana wanga," adatero. "Mulungu akudalitseni." Natseka zenera.

Choyamba chimene ndidavuula pakamwa pa kalavati, nditachiunika bwino ndi tochi, idali ambulera yothyoka nthiti, yabuluu, yomangidwa ndi waya pachigwiriro. Wayayo ndidamanga ndine mu Ogasiti.