Timasiponji ta M'makutu

Mkonono ndi mlandu wovuta kuzenga. Mwini wake amaupalamula ali m'tulo, ndipo mboni imakhala imodzi yokha, yomwenso ndi wodandaula. Kwa ankhoswe simungapite nawo. Akunyumba kwanga amakanitsitsa kwamtuwagalu. "Bambo a Chikondi, ine kuliza mkonono? Ndimangopuma basi. Kapena mukufuna ndisiye kupuma?" Funso limeneli mwamuna wofuna kudya mawa sayankha.

Koma amaliza ndithu. Umayamba ngati chigayo cha dizilo m'mamawa: kutsokomola kawiri, kuzengereza pang'ono, kenako n'kugwira ntchito mpaka tambala. Ndinayesa njira zonse za amphawi, monga kukhosomola mwadala ndi kuwagunda ndi chigongono n'kunamizira udzudzu. Ndinayesanso kuwatembenuza kuti agone chammbali, ndipo njira imeneyi ili ndi nzeru zake, chifukwa munthu akagona chagada lilime ndi kanyama kolendewera kukhosi kaja zimagwera kumbuyo, mpweya n'kumadutsa popanikizika, minofu n'kumanjenjemera. Vuto ndi loti munthu amene anakuberekera ana sumangomutembenuza popanda kufotokoza cholinga.

Thandizo linachokera kwa mlamu wanga amene amagwira ntchito pafakitale ina ku Johannesburg. Alamu a anzathu amabweretsa mabulangete ndi mafoni. Wanga ananditambasula dzanja n'kuikamo timasiponji tiwiri tachikasu, ati kuntchito amawapatsa ulere kuti makina asawagonthetse. Ndinathokoza ndi manja awiri, mumtima ndikuwerengera mtengo wa bulangete.

Pambuyo pake ndinadziwa kuti ovutika tinayamba kalekale. Mu 1908 ku Berlin, Maximilian Negwer anayamba kugulitsa totsekera m'makutu taphula totchedwa Ohropax, ndipo Franz Kafka, mlembi wa ku Prague, ankadalira tomweto. Tasiponjiti anatulukira ndi Ross Gardner ku America mu 1972. Mkuluyu ankalimbana ndi phokoso la makina. Mayi a Chikondi sanakumane nawo.

Kuvala kwake ndi ntchito yoti munthu akulipireni. Kasiponji umakafinya, n'kukapotokola ndi zala mpaka kaonde. Dzanja lina umalidutsitsa pamwamba pa mutu kukakoka khutu m'mwamba kuti njira iwongoke, n'kukalowetsa msangamsanga, n'kukagwira ndi chala masekondi 30 kuti kafufume. Umakamva kakutupa pang'onopang'ono, nyimbo za m'mabala a ku Ndirande zikuthawira kutali, agalu akusanduka mphekesera. Akunyumba anandipeza ndili chomwecho, dzanja pamutu, maso ali tuzu, pakamwa pali yasa. Anafunsa ngati ndalowa mpingo wina.

Tsono pali chimene mlamu sanandiuze. Papaketi amalembapo nambala, kawirikawiri pakati pa 29 ndi 33, kusonyeza ma decibel amene phokoso lingachepe, koma imeneyo ndi nambala yoyezera m'chipinda cha akatswiri, khutu litatsekedwa mwaluso. Komanso siponji imasankha. Mawu ang'onoang'ono, okwera, imawagwira bwino. Mawu a besi amapyola, ena n'kudzera m'matiresi, m'pilo ndi m'mafupa a mutu osapempha chilolezo kukhutu. Mwachidule, akunyumba akamayankhula sindimva, koma akamaliza mkonono ndimamva, ngakhale wocheperako.

Chinanso, ukatseka makutu umayamba kudzimva wekha. Mtima uli gu, gu, gu. Malovu ukameza, phokoso. M'mimba nyemba za madzulo zikutsutsana ndi nsima. Sindinkadziwa kuti m'kati mwangamu muli msonkhano wotere, ndipo ndinayamba kuwamvera chisoni amene amagona nane.

Zonsezi ndikanapirira. Chinandigwetsa ndi chakuti m'nyumba mwathu nkhani zikuluzikulu zimakambidwa nyali ikazima, ana atagona. Ine, mwa chizolowezi cha mwamuna wokhalitsa pabanja, ndikamva bedi likugwedezeka ndimangoti "mm", nthawi zina "eya". Mwa njira imeneyi ndinavomereza kuti apongozi abwere kuchokera ku Ntcheu adzakhale nafe mpaka kukolola. Ndinavomereza kubweza ngongole ya banki mkhonde. Ndinavomerezanso kugulitsa wailesi yanga kuti tigule nsalu ya kwaya. Nditayesa kutsutsa m'mawa, anandiyang'ana modekha. "Inu munati eya. Ndinafunsanso kachiwiri, munati mm." Ndikukayikira kuti masiku ano amadikira dala kuti siponji ifufume kaye.

Pano ndiike nthabwala pambali pang'ono. Ngati mnzanu amaliza mkonono kenako n'kusiya kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka akubanika, masana n'kumangosinza, musathamangire kutseka makutu. Amenewo akhoza kukhala matenda obanika m'tulo, ndipo amafunika achipatala. Timasiponjito nato tikada titayeni, osabwerekana, chifukwa timakankhira phula m'kati ndipo tingabweretse matenda a m'khutu.

Mbiri yanga inathera usiku umene akuba analowa m'khola la nkhuku la aneba. Mluzu unalira, amuna onse a m'dera lathu anatuluka ndi zibonga, ena atangomanga zitenje za akazi awo. Kwathu kunatuluka mayi a Chikondi ndi munsi m'manja. Ine ndinali m'tulo tabwino kwambiri timene ndinagonapo chikwatirire. M'mawa ndikupita kokwera minibasi, apampando a chitetezo cha m'dera anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kundipempha kuti ndikawauze amayi kuti msonkhano wa abambo uliko Loweruka.

Madzulo ake tinakhala pansi, nyali ikuyaka, makutu ali otsegula. Ndinapereka maganizo anga onse mwatsatanetsatane monga mutu wa banja, ndipo iwo anapereka chigamulo. Ndiloledwa kutseka khutu limodzi lokha, linalo likhale pantchito yomva akuba ndi nkhani za banja. Khutu lotseka anasankha okha: loyang'ana kukhoma.