Amalume a Mfumu ndi Adzukulu Osadziwa Mfunda

Zimitsani kaye timafoni tanuto. Iwenso wabisala kuseri kwa chitsekowe, tuluka, miyendo yako ikuonekera pansi. Ndamva kuti wina pakati panu wapeza mbeta pa Facebook, ndipo nditafunsa kuti mwanayo ngwa mfunda wanji, ndayankhidwa kuti ngwa ku Area 25. Ha! Area 25 inasanduka mfunda liti?

Mumachezera mafilimu a ku China mpaka tambala woyamba, aja a mafumu ometa kutsogolo n'kuluka tsitsi kumbuyo, koma mumangosirira zovala. Mukanakhala ndi makutu mukanamvako za banja la Tunggiya, lomwe ena amangoti a Tong, mu ufumu wa Qing umene a Manchu anakhazika ku Beijing mu 1644. Amenewo ndiwo ankadziwa chimene ukwati umagwira.

Mkulu wina wankhondo, Tong Tulai, anapereka mwana wake wamkazi ku nyumba ya mfumu Shunzhi. Mu 1654 mtsikanayo anabala mwana wamwamuna, amene analowa ufumu mu 1661 akadali kamnyamata kosakwana zaka 10, n'kulamulira zaka 61. Ndiye Kangxi ameneyo. Mayiyo sanadyerere, anamwalira mu 1663, koma anasiya alongo ake awiri, Tong Guogang ndi Tong Guowei, atasanduka atsibweni a mfumu. Tsono mukamamva kuti atsibweni, muzikhala bwino, osati kukhala chotambalala chonchi ngati muli pa depoti.

Kangxi atakula anakwatira mwana wa malume ake, Tong Guowei. Msuweni weniweni! Iwe ukukwinya nkhopewe, agogo ako aakazi ali kukhitchiniwa ndi msuweni wanga, ndipo taona, uli ndi maso awiri ngati anzako. Kwathu kuno chisuweni chinali chololedwa kalekale tisanamve n'komwe za China. Kungoti kwa a Manchu mwana ndi wa kuchimuna, choncho malume analibe mphamvu ya mwini mbumba ngati kuno. Yawo mphamvu inkadzera pakhomo la kuchipinda. Msuweni wa Kangxi uja anamuveka ufumukazi mu 1689 ali gone, mawa lake n'kutsikira kuli chete. Tsiku limodzi lokha. Mng'ono wake nayenso anali mkazi wa mfumu yomweyo, ndipo mdzukulu wa Tong Guowei anakwatira mwana wamkazi wa Kangxi. Anapereka, napatsidwa, naperekanso, mpaka anthu anayamba kunena kuti theka la bwalo la mfumu ndi a Tong okhaokha.

Inu mukuganiza kuti ankangodya nsima ya ulamu? Tong Guogang anali m'gulu lomwe linakakambirana malire ndi a Russia ku Nerchinsk mu 1689. Chaka chotsatira anapita kukamenyana ndi mdani wa mfumu, Galdan, ku Ulan Butung, chipolopolo n'kumupeza komweko. Malume wa mfumu, kufera kunkhondo! Pamene wina pano, ndikamutuma kuchigayo, mutu umayamba kumuwawa.

Pofika pa Longkodo ndiye mutchere khutu, chifukwa apa ngakhale ine ndimayankhula motsitsa. Ameneyu anali mwana wa Tong Guowei, mlongo wa mfumukazi ya tsiku limodzi ija, ndipo ankayang'anira asilikali olondera mzinda wa Beijing. Mfumukaziyo inalera mwana wachinayi wa Kangxi, wobadwa kwa mkazi wina. Kangxi atamwalira mu 1722, ana ake akuyang'anizana ngati atambala a khola limodzi, Longkodo ndiye analengeza kuti mpando wagwera mwana wachinayiyo, Yongzheng. Mfumu yatsopanoyo inkamutchula kuti malume ngakhale m'makalata a boma. Mwamva? M'makalata a boma! Ine pano mumandilembera kuti "gogo" ndi kachithunzi ka nkhope yoseka, ngati ndine mnzanu wa mpira.

Ndaona ukumwetulira, mkazi wanga wamng'onowe, chifukwa mathero ake unawaona mu filimu. Inde, ulemuwo sunakhalitse. Mu 1727 Yongzheng yemweyo anamuwerengera malume akewo milandu 41, n'kuwatsekera m'kanyumba pafupi ndi munda wachifumu wa Changchun, ndipo mu 1728 anafera momwemo. Usaseke. Ameneyo anali mfumu, zake ndi zake. Iwe ukayesa kundiwerengera milandu, mbuzi zija ndizigulitsa ndisanafe.

Koma mukudziwa umodzi wa milanduyo? Anamupeza akusunga kunyumba kwake buku la mibadwo ya banja lachifumu, lija lolembamo kuti uje anabala uje, uje anakwatira kwa uje. Buku limenelo silinali la munthu wamba kuligwira, ngakhale malume. Munthu kumangidwa chifukwa chofunitsitsa kudziwa mzere wa apongozi ake! Inu wanu mzere ndimakupatsani ulere, madzulo aliwonse pakhonde pano, ndipo mumathawa.

Tiyeni tiyese. Iwe wa Area 25, amayi a agogo ako aakazi anali Nachani? Usayang'ane pa foni, mulibemo. Ukalephera, ankhoswe ako ukawafunefune pa Facebook pomwepo.