Msoti wanga ukulira kokoliliko

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dzira kwathu lasanduka mlendo wa pa Khirisimasi. Tsiku lina mtengo utakweranso pa okala, ndinalengeza pakhomo kuti ife zogula mazira zatha. Ndinapita kumsika, n'kubwera ndi msoti kukhwapa.

Amayi akunyumba atangouona anati, "Abambo, ameneyu ndi tambala."

Ndinawakumbutsa kuti ine nkhuku ndinakulira nazo kumudzi. Ndinakonza chisa m'dengu lakale, ndinagula madeya, aneba ndinawauziratu kuti mazira ndiziwapatsa pamtengo wachibale.

Patatha milungu itatu, 4 koloko m'bandakucha, msoti wanga unalira kokoliliko. Ndinati ndi chifuwa.

Dzina la matenda angawa anandiuza ndi mwana wa mlongo wanga, wa ku sekondale. "Amalume, zimene mukuchitazi pa Chingerezi amati double down." Mawuwa anachokera ku juga ya makadi yotchedwa blackjack, yomwe amatchova m'makasino ngati a ku Las Vegas. Cholinga chake n'kufika pa 21 osapitirira. Ukalandira makadi awiri n'kuona kuti zikukuyendera, umaloledwa kuwirikiza ndalama zimene wabetcha, koma amakuonjezera khadi limodzi lokha basi. Masiku ano mawuwa amanenera munthu amene akamudzudzula, m'malo mobweza mawu, amachita kusonkhezera moto. Kwathu kuno timangoti makani. Kungoti makani a m'Chingerezi amamveka ngati mwini wake ali ndi digiri, ndiye ndinawalandira ndi manja awiri.

Mwanayo anapitiriza kuti mu 2010 a KFC ku America anatulutsa sangweji ya dzina lomweli, yopanda buledi, malo a buledi anaikapo zidutswa ziwiri za nkhuku. Amayi atamva zimenezo anauyang'ana msoti wanga nthawi yaitali, kenako anayang'ana mpeni.

Msotiwo unamera tsumba lofiira psu. Ndinati ndi thanzi. Unayamba kuthamangitsa nkhuku za aneba. Ndinati ukufunsa anzake kaikiridwe.

Sabata yomweyo ndinachezera pamzere wa mafuta ndi njinga yamoto ya alamu anga, udzudzu ukundichita phwando. Pa wailesi bwana wina anali kunena kuti mafuta alipo okwanira, vuto ndi ifeyo amene tikugula mwamantha. Mawa lake atolankhani atamufunsa za mizereyo, anati alipo ambiri kuposa dzulo. Ndinamumvetsa bwanayo. Nayenso ali ndi msoti wake.

Komatu wa blackjack amabetcha za m'thumba mwake, amalandira khadi limodzi, akaluza amadzuka pampando. Ine madeya ndimagula ndekha. Bwana uja amabetcha tsiku langa la ntchito, amabetcha ambulansi imene inaima kumbuyo kwanga usiku wonse, ndipo akaluza sadzuka. Amaitanitsa khadi lina, olipira ndife.

Loweruka amayi anandipatsa mpata womaliza. "Abambo, ingovomerezani, tidye nsima ya nkhuku mawa, nkhani ithe." Ndinaganiza mofatsa usiku wonse. M'mawa ndinabwerera kwa wogulitsa yemwe uja n'kugula msoti wachiwiri, kuti woyambawo uchite manyazi.

Pano ikulira iwiri, ndipo ikakumana pabwalo imajomphana mpaka magazi. Amayi ndawauza kuti ikulimbirana chisa.